Musanachotse domain controller yakale, tsimikizani kuti inatsitsidwadi pa udindo

Seva yozimitsidwa ndi seva yotsitsidwa pa udindo si chinthu chimodzi. Maofesi ambiri ang'onoang'ono muno mu Johannesburg amasokoneza ziwirizi, ndipo wodzavutika ndi inu achimwene kapena achemwali amene mwangolandira kumene ntchito yosamalira netiweki ya pamalopo. Mnzanu amene analipo kale anapeza ntchito ina ku Midrand kapena anabwerera kumudzi, anasiya kapepala konena kuti seva yakale yotchedwa DC01 anathana nayo, ndipo abwana akufuna bokosilo lichoke sabata ino chifukwa likungodya magetsi. Maseva otere achuluka masiku ano. Microsoft inasiya kuthandiza Windows Server 2008 R2 pa 14 Januwale 2020, ndipo 2012 R2 inatsatira pa 10 Okutobala 2023.

Kapepalako musakadalire. Sikuti mnzanuyo ndi wabodza ayi, koma ntchito yotsitsa domain controller (mwachidule DC) imatha kuoneka ngati yatha pa seva yakaleyo pomwe ma DC otsala sakudziwa chilichonse. Domain controller imasunga Active Directory, kaundula wa anthu, makompyuta ndi mapasiwedi a pa kampani, ndipo kaundulayu ali pa DC iliyonse. Ikamatsitsidwa bwinobwino, sevayo imapereka kwa anzake zosintha zimene inali isanatumize, imatula maudindo amene inali nawo, imachotsa dzina lake pa mndandanda wa ma DC ndi mu DNS (buku losandutsa mayina a makompyuta kukhala ma adiresi a IP), kenako imasanduka seva wamba. Ikangozimitsidwa, kapena ikatsitsidwa mokakamiza, zambiri mwa izi sizichitika. Zili ngati mfumu yosamuka m'mudzi usiku osatsanzika: dzina likadali m'buku la kwa T/A, ndipo anthu amapitabe ndi milandu yawo kukagogoda pa nyumba yopanda munthu. Pa ofesi mudzamva madandaulo akuti kulowa mu kompyuta kukuchedwa m'mawa, mafoda a pa netiweki akubwera lero mawa osabwera.

Mu zitsanzo zonse seva yakale ndi DC01, yatsopano ndi DC02, ndipo domain ndi kampani.local. Ikani mayina anu.

Musanayatse chilichonse

Funso loyamba ndi lakuti sevayo yakhala yozima nthawi yaitali bwanji. Munthu akafufuta akaunti mu Active Directory, kaundula amasunga chizindikiro choti akauntiyo inafufutidwa, kuti ma DC onse amve uthengawo. Chizindikirocho chimakhala masiku owerengeka, kenako chimachoka. DC imene yazima kupitirira masiku amenewo simva za zofufutidwazo, ndiye ikadzuka imakhala ikusungabe anthu amene anachotsedwa ntchito kalekale. Windows imayesetsa kuitsekera kunja, ndipo mu Event Viewer mudzaona nambala 2042, koma ndi bwino osafika pamenepo. Pa DC02 tsegulani PowerShell mufunse chiwerengero cha masikuwo:

Get-ADObject "CN=Directory Service,CN=Windows NT,CN=Services,CN=Configuration,DC=kampani,DC=local" -Properties tombstoneLifetime

Nthawi zambiri mudzapeza 180. Ngati malowo alibe nambala, ndiye kuti ndi masiku 60, zimene zimachitika pa ma domain akale amene anakhazikitsidwa m'nthawi ya Windows 2000 kapena kumayambiriro kwa 2003. Ngati palibe wodziwa tsiku limene DC01 inazima, itengeni ngati yapitirira malire. Zulani chingwe cha netiweki kumbuyo kwake musanadine batani loyatsira. Zonse zofunika kuona pa seva yakaleyo zimaoneka ndi kiyibodi ndi sikirini basi.

Tenganinso backup ya DC02 musanafufute kanthu:

wbadmin start systemstatebackup -backupTarget:E:

Ndipo onani batire la UPS. Chaka cha 2023, pamene magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, mabatire ambiri a m'maofesi anafooka ndipo ena sanasinthidwe mpaka lero. Magetsi kuzima muli pakati potsitsa DC ndi njira imodzi imene maseva amatsalira theka DC theka seva wamba.

Funsani seva yakaleyo

Kalowedwe komwe kamakuuzani zina. DC ilibe akaunti zakezake, imangolola za domain. Pomwe ikutsitsidwa, Windows imapempha pasiwedi yatsopano ya Administrator wa pa sevayo, choncho ngati mwalowa ndi DC01\Administrator pa malowedwe wamba, chimenecho ndi chizindikiro chabwino. Mukalowa lembani:

Get-CimInstance Win32_ComputerSystem | Select-Object Name, Domain, DomainRole

Pa 2008 R2 yokhala ndi PowerShell yakale lamuloli silidziwika, ndiye gwiritsani ntchito wmic computersystem get domainrole. Nambala 4 kapena 5 ikutanthauza kuti sevayo idakali DC, ndipo 5 ndi imene ikudziona ngati PDC Emulator, umodzi mwa maudindo asanu amene tiwafotokoze kutsogoloku. Nambala 3 ndi seva wamba yomwe ili mu domain, ndipo ndiyo mukuyembekezera. Koma 2 ndi yofunika kuikayikira. Imasonyeza seva yoima payokha mu workgroup, ndipo kumeneko ndi kumene seva imagwera ikatsitsidwa ndi dcpromo /forceremoval kapena ndi -ForceRemoval. N'kutheka kuti inatsitsidwa bwino kenako wina anaitulutsa mu domain, koma inu simukudziwa, ndiye ganizani zoipazo mpaka umboni utakutsutsani.

Lembani net share. Ngati SYSVOL ndi NETLOGON, mafoda amene DC iliyonse imagawa pa netiweki, zikuonekabe, nkhani siinathe. Yang'ananinso mu C:\Windows\NTDS ngati muli fayilo ya ntds.dit, imene imasunga kaundula uja, pokumbukira kuti ena amaika fodayi pa disiki ina. Kenako tsegulani C:\Windows\debug\dcpromo.log mu Notepad, pitani kumapeto kwenikweni, muwerenge mobwerera m'mwamba. Fayiloyi ili ndi tsiku ndi ola la mzere uliwonse, ndipo imasonyeza ngati ntchitoyo inatha kapena inaima pa vuto linalake. Ngati mizere yomaliza ndi ya tsiku limene sevayo inakwezedwa kukhala DC zaka zapitazo, palibe amene anayesapo kuitsitsa.

Chimodzi chimene chimaopseza anthu pachabe: Server Manager ikhoza kumasonyezabe kuti Active Directory Domain Services ilipo. Amenewo ndi mafayilo a pulogalamu chabe, amatsala mpaka munthu atawachotsa. Sapangitsa seva kukhala DC.

Zonsezi ndi mbali imodzi ya nkhani, komanso ndi mbali yopepuka. Seva yakale ikupita kotayidwa, zonena zake sizidzavutitsa aliyense. Zimene ma DC otsala akukhulupirira ndizo mudzakhale nazo.

Funsani ma DC otsala

Pa DC02:

Get-ADDomainController -Filter * | Select-Object Name, Site, IPv4Address, IsGlobalCatalog

DC01 isaoneke pa mndandandawu. Onaninso kuti pa otsalawo pali imodzi yokhala ndi True pa IsGlobalCatalog, chifukwa popanda Global Catalog, mndandanda wachidule wa zonse za mu Active Directory, anthu amatha kukanika kulowa. Ngati muli ndi ma DC angapo, bwerezani lamuloli pa iliyonse poonjezera -Server ndi dzina lake. Mayankho akasiyana, vuto lanu ndi lakuti ma DC sakuuzana nkhani, ndipo limeneli liyenera kukonzedwa kaye.

Tsegulani Active Directory Users and Computers. DC yotsitsidwa bwino imasamuka yokha kuchoka mu Domain Controllers kupita mu Computers. Koma popeza munthu akhoza kuikoka ndi mausi kuisamutsa, malo okha si umboni. Onani manambala ake:

Get-ADComputer DC01 -Properties userAccountControl, primaryGroupID

Seva wamba imakhala ndi primaryGroupID 515 ndipo userAccountControl yake nthawi zambiri ndi 4096. DC imakhala ndi 516 ndi 532480. Mukapeza 516, kaundula akuiwerengabe ngati DC, kaya ili mu foda iti.

Umboni waukulu uli mu Active Directory Sites and Services. Tsegulani Sites, kenako dzina la malo anu, limene pa maofesi ambiri ndi Default-First-Site-Name, kenako Servers. Apa anthu amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Dzina la DC01 likhoza kukhalapo ngakhale inatsitsidwa bwino, chifukwa Windows imasiya chikhokhombe chimenechi kuti muchotse nokha. Chofunika ndi chimene chili m'kati mwake. Dinani pa DC01. Ngati mulibe kanthu, inatsitsidwa, ndipo mukhoza kufufuta dzinalo. Ngati muli NTDS Settings, ndiye kuti kwa ma DC onse imeneyi idakali mnzawo, ndipo azipitiriza kuifunafuna. Pakakhala china osati NTDS Settings, musafufute msanga, dziwani kaye pulogalamu imene inachiika pamenepo.

Malizani ndi malamulo awiri awa:

repadmin /replsummary

dcdiag /e /q

Loyamba lisatchule DC01 paliponse, ndipo pa fails pakhale 0. Mukaona DC01 ili ndi 1722 kapena 8524, ma DC akuyesa kuilankhula koma sakuipeza. Lachiwiri limangotulutsa zolakwika, choncho likakhala chete ndiye zabwino. Ngati kampani ili ndi nthambi ku Durban kapena ku Pretoria yokhala ndi DC yake, musapupulume. Pakati pa malo awiri osiyana zosintha zimayenda pa mphindi 180 zilizonse ngati palibe anasintha nambalayo. Dikirani, kapena zikankheni ndi repadmin /syncall /AdeP.

Maudindo asanu, ndi awiri obisika

Pali ntchito zisanu zimene DC imodzi yokha imagwira pa nthawi: Schema Master, Domain Naming Master, RID Master, PDC Emulator ndi Infrastructure Master. DC yoyamba kukhazikitsidwa imatenga zonse, ndipo pa ofesi yaing'ono DC yoyambayo ndi yomweyo mukufuna kutaya.

netdom query fsmo

Mizere yonse isanu itchule DC yamoyo. Ikatchula DC01, kapena dzina lachilendo lokhala ndi DEL pakati, udindowo uli m'manja mwa seva yomwe kulibe. Chovuta chake, sizipweteka tsiku lomwelo. DC iliyonse imalandira manambala 500 kuchokera kwa RID Master oti izipereka kwa akaunti zatsopano, ndipo pa ofesi ya anthu makumi atatu manambalawo amatenga nthawi kuti athe. Tsiku lina mudzangoona akaunti ya wantchito watsopano ikukanika kupangidwa, aliyense ataiwala kale za DC01.

Ngati DC01 ili moyo ndipo ikulankhulana ndi anzake, samutsani maudindowo mwamtendere:

Move-ADDirectoryServerOperationMasterRole -Identity DC02 -OperationMasterRole 0,1,2,3,4

Ngati inafa kapena inapitirira masiku aja, onjezerani -Force kumapeto. Kumeneku ndi kulanda, ndipo mukalanda, DC01 isadzaonenso chingwe cha netiweki imeneyi isanafufutidwe yonse. Ma DC awiri odzitcha RID Master akhoza kupereka nambala imodzi kwa anthu awiri.

Awiri obisika aja netdom siwasonyeza. Zigawo za DNS za mu Active Directory, DomainDnsZones ndi ForestDnsZones, chilichonse chili ndi Infrastructure Master wakewake:

Get-ADObject "CN=Infrastructure,DC=DomainDnsZones,DC=kampani,DC=local" -Properties fSMORoleOwner

Bwerezani ndi ForestDnsZones. Ngati fSMORoleOwner ikuloza DC01 kapena dzina lokhala ndi DEL, isintheni mu ADSI Edit kuti iloze NTDS Settings ya DC02. Mukaisiya, idzakugwirani mwendo zaka zikubwerazi pamene mukutsitsa DC ina, ndipo uthenga wa vutolo sudzatchula DC01.

PDC Emulator imanyamulanso wotchi ya domain yonse. Kerberos, njira imene Windows imatsimikizira olowa mu domain, imakana kompyuta imene nthawi yake yasiyana ndi ya DC kupitirira mphindi 5. Pa DC02 lembani w32tm /query /source. Ikayankha DC01 kapena Local CMOS Clock, ipatseni gwero lakunja:

w32tm /config /manualpeerlist:"za.pool.ntp.org" /syncfromflags:manual /reliable:yes /update

Mukapeza kuti sinatsitsidwe

Ngati ili moyo ndipo repadmin ikusonyeza kuti ikugwirizana ndi anzake, itsitseni bwinobwino. Pa 2008 R2 ndi zakale ndi dcpromo. Kuyambira 2012 ndi Server Manager kapena Uninstall-ADDSDomainController. Kabokosi konena kuti iyi ndi DC yomaliza mu domain musakakhudze n'komwe. Ngati pa sevayo pali Certificate Services, kutsitsa kudzakana mpaka mutasamutsa kapena kuchotsa zimenezo, ndipo imeneyo ndi ntchito payokha yofunika tsiku lake. Chimodzimodzi Exchange, pulogalamu ya ma imelo, iyenera kuchoka kaye. Amene mwakumana ndi Small Business Server 2011, imene inali yotchuka m'maofesi ang'onoang'ono, dziwani kuti maudindo aja akachoka pa iyo imapereka masiku 21 kenako imayamba kudzizimitsa yokha. Seva yotere anthu amaiona yazima n'kumati inapuma, chonsecho m'kaundula idakali DC.

Ngati inafa kapena inakakamizidwa, chotsani zotsalira zake kuchokera pa DC02. Kuyambira Windows Server 2008 ntchitoyi inaphweka. Mu Active Directory Users and Computers, pitani mu Domain Controllers, dinani kumanja pa DC01, sankhani Delete, chongani kabokosi kovomereza kuti sevayo sidzabweranso, ndipo Windows ichotsa NTDS Settings ndi zina zogwirizana nazo. Ikakana ndi Access is denied, yatsani Advanced Features pa View, tsegulani Properties, pitani pa Object, muchotse chizindikiro choteteza kufufutidwa mwangozi. Nthawi zina chizindikirocho chimakhala pa NTDS Settings mu Sites and Services. Njira yakale ya ntdsutil imagwirabe ntchito: lembani metadata cleanup, kenako remove selected server ndi dzina lonse, CN=DC01,CN=Servers,CN=Default-First-Site-Name,CN=Sites,CN=Configuration,DC=kampani,DC=local. Werengani dzina kawiri musanavomere. Kusiyana kwa DC01 ndi DC02 ndi nambala imodzi yokha, ndipo nthawi imeneyi imakhala ili madzulo, maso atatopa.

Mukatha, bwererani ku malamulo a m'mwamba aja muwayendetsenso.

DNS, kumene zotsalira zimabisala

Ngakhale DC itatsitsidwa mwaulemu wonse, DNS imasunga zinyalala. Makompyuta sapeza DC poyang'ana mu Sites and Services, amafunsa DNS. Funsani monga mmene iwo amafunsira:

nslookup -type=srv _ldap._tcp.dc._msdcs.kampani.local

nslookup -type=srv _kerberos._tcp.kampani.local

nslookup -type=srv _gc._tcp.kampani.local

nslookup kampani.local

Lomalizali anthu amaliiwala. Dzina la domain palokha limayankha ndi ma IP a ma DC onse, ndipo makompyuta amalitsata pokatenga Group Policy ku \\kampani.local\SYSVOL. IP ya DC01 ikakhalapo, ena adzalozedwa kumeneko n'kudikira yankho losabwera. Ndiko kuchedwa kwa m'mawa kuja, kumene kumagwira mayi wa ku akaunti lero, mawa kwagwira wa pa reception.

Kenako tsegulani DNS Manager muyende ndi maso, foda ndi foda. Palibe chidule apa, konzani tiyi. Yambani ndi zone ya _msdcs.kampani.local. Pamwamba pake pali zolemba za mtundu wa CNAME zokhala ndi dzina lalitali la manambala ndi zilembo, imodzi pa DC iliyonse. Yoloza DC01 ichoke. Lowani mu dc, domains, gc ndi pdc mpaka pansi. Mu zone ya kampani.local yang'anani _sites, _tcp, _udp, DomainDnsZones ndi ForestDnsZones. M'mafoda awiri omalizawa ndi mu gc muli zolemba za mtundu wa A zosonyeza IP yokha popanda dzina, choncho IP ya DC01 ikhale yolembedwa papepala pambali panu. Pa zone iliyonse, kuphatikizapo za mu Reverse Lookup Zones, tsegulani Properties mupite pa Name Servers. Apa ndi pamene DC01 imatsalira kawirikawiri. Pali kafoda kena kotuwa ka _msdcs m'kati mwa kampani.local, ndipo kamakonda kuloza DC yoyamba yokha. Kasintheni kaloze DC02.

Ngati seva yakale ikuyakabe, fayilo ya C:\Windows\System32\config\netlogon.dns ikakhalapo imakupatsani mndandanda wa zonse zimene inalembetsa mu DNS. Imathandiza kudziwa zoti mufunefune.

Onaninso khadi la netiweki la DC02 lomwe. Pamene inkakhazikitsidwa inalozedwa ku DC01 ngati DNS yake yoyamba, ndipo kawirikawiri zimakhala choncho mpaka pano. Pa Forwarders napo DC01 imapezeka. Mukamaliza yendetsani dcdiag /test:dns.

Za SYSVOL n'zachidule. Lembani dfsrmig /getglobalstate. Ikanena Eliminated, kapena kuti domain inayamba kale ndi DFSR (njira yatsopano yokopera SYSVOL pakati pa ma DC), yang'anani mu Active Directory Users and Computers mutayatsa Advanced Features, pa System, DFSR-GlobalSettings, Domain System Volume, Topology, muone kuti DC01 mulibe. Ngati domain ikadali pa FRS yakale, yang'anani pansi pa File Replication Service, ndipo dziwani kuti Windows Server 2019 sidzalola kukhala DC pamenepo mpaka mutasamukira ku DFSR.

Amene akuidalirabe mwakachetechete

Active Directory ikhoza kukhala yoyera koma ofesi n'kuima tsiku limene bokosilo lachoka, chifukwa seva yoyamba ya kampani yaing'ono imasenza katundu wa aliyense. Yambani ndi DHCP, imene imagawira makompyuta ma IP. Pa Scope Options ndi Server Options onani nambala 006, imene imauza makompyuta DNS yoti azifunsa. Ngati DHCP ili pa rauta kapena pa firewall, kayang'aneni kumeneko. Ngati inali pa DC01 yomweyo, lembani Get-DhcpServerInDC ndipo muichotse pa mndandanda wa ololedwa ndi Remove-DhcpServerInDC.

Pali msampha wina apa umene ndimauona ngati woipa kuposa seva yozima. DC ikatsitsidwa, pulogalamu ya DNS imatha kutsala ikuyenda, koma ma zone a mu Active Directory achoka. Kompyuta ikaifunsa za kampani.local, imayankha kuti dzinalo kulibe. Windows ikalandira yankho lotere sipitanso kukafunsa DNS yachiwiri, chifukwa yayankhidwa. Seva yozima bola, kompyuta imadikira pang'ono n'kupita kwa ina.

Tsopano dzukani pampando muyende mu ofesimo. Makina aakulu osindikizira a m'khonde ali ndi IP yoikidwa pamanja, ndipo mu menyu yake muli DNS, LDAP ya buku la ma adiresi, ndi foda yolandirira mapepala osikanidwa, zonse zikuloza DC01. Kamakina kodinda chala pa geti, ka ma kamera, mafoni a pa desiki, NAS, firewall imene imafunsa mapasiwedi a VPN, Wi-Fi yodutsa pa RADIUS, pulogalamu ya malipiro imene inalembedwa dzina la seva zaka khumi zapitazo. Mu Group Policy ndi mu ma logon script funafunani \\DC01. Ngati kampani imagwiritsa ntchito Microsoft 365, dziwani kumene kuli Entra Connect, pulogalamu yotumiza akaunti za mu Active Directory ku Microsoft 365, imene kale inkatchedwa Azure AD Connect.

Kuti musangodalira kukumbukira kwa anthu, ngati DC01 inatsitsidwadi ndipo ndi yotetezeka kuilumikiza, ilekeni ikuyaka masiku angapo, muyatse Debug Logging mu DNS Manager yake. Fayilo ya C:\Windows\System32\dns\dns.log idzakusonyezani IP iliyonse imene ikubwerabe kudzafunsa. Get-SmbSession idzakuuzani amene akutsegula mafoda ake.

Chinthu china chimene ochepa amachidziwa: DC yoyamba mu domain imasunga kiyi wachinsinsi wotsegulira mafayilo otsekedwa ndi EFS (njira ya Windows yotsekera mafayilo kuti ena asawawerenge), mu profile ya Administrator wa domain. Lowani pa DC01 ndi akauntiyo, tsegulani certmgr.msc, pitani pa Personal, mufunefune satifiketi ya File Recovery. Itulutseni pamodzi ndi kiyi wake mu fayilo ya pfx, muisunge pabwino. Nthawi yabwino yochitira izi ndi sevayo isanatsitsidwe. Ngati inatsitsidwa kale, musafufute disiki musanafufuze ngati pali amene anatsekapo mafayilo ndi EFS pa kampanipo.

Kuizula ndi kuitaya

Zonse zikayera, zulani chingwe cha netiweki, sevayo muisiye pamalo pake, mumate kapepala kolembedwa tsiku ndi mawu oletsa kuilumikiza. Nthawi yodikirayi idutse kumapeto kwa mwezi, chifukwa pali mapulogalamu, makamaka a malipiro, amene amadzuka kamodzi pa mwezi. Disembala si mwezi woyesera. Maofesi ambiri kuno amatseka chapakati pa mweziwo, inu mwakwera basi ku Park Station kupita ku Blantyre kapena ku Mzimba, ndipo chete amene mudzamve ndi wa ofesi yopanda anthu. Foni idzalira mu Januwale. Abwana akamakakamiza, auzeni mwaulemu kuti seva yozulidwa chingwe ndi yozimitsidwa sidya magetsi, chimene akupereka ndi malo okha.

Nthawiyo ikatha popanda dandaulo, fufutani akaunti ya DC01 mu Computers, zolemba zake za A ndi PTR mu DNS, ndi dzina lake mu pulogalamu ya backup ndi ya antivayirasi. Ngati mukufuna kupatsa seva ina dzina kapena IP yomweyo, dikirani mpaka repadmin /replsummary ikhale yoyera pa ma DC onse.

Chatsala ndi ma disiki. Fayilo ya ntds.dit inali ndi mayina a antchito onse ndi ma hash a mapasiwedi awo (mapasiwedi osandutsidwa manambala obisika), ndipo kufufutika kwake pa nthawi yotsitsa sikutanthauza kuti wodziwa ntchito sangaibweze. Lamulo la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021, limafuna kuti zolemba za anthu ziwonongedwe m'njira yoti sizingabwezeretsedwe. Kotero seva imeneyi si yopatsa mnzanu kuti akaphunzirirepo kunyumba ma disiki ali momwemo, kapena yogulitsa pa Facebook mmene ilili. Tsegulani kutsogolo, werengani ma disiki onse a mu RAID, lembani nambala ya iliyonse, ndipo yang'anani m'kati ngati muli khadi la SD kapena USB. Alembeni zinthu zina pamwamba pake ndi pulogalamu yofufutira disiki yonse, kapena aperekeni ku kampani yowononga zinyalala zamagetsi imene imapereka kalata yotchula manambala a ma disikiwo. Ma disiki akunja a backup amene ali mu kabati ya abwana, ndi matepi ngati alipo, ali ndi ntds.dit yomweyo. Alembeni pa mndandanda umodzi ndi enawo.